Chidule cha Khutba ya Lachisanu: Msana wa Msodzi Wachikulire ndi Amana ya Allah

KHUTBA YOYAMBA

Tikumtamanda Allah, Mwini nyanja ndi mtunda, amene adatilenga tili ofooka, natipatsa nyonga pa unyamata, kenako n'kutibwezera kufooka ndi imvi, monga momwe akutikumbutsira mu Surat Ar-Rum ndime 54. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad (swalla Allahu alaihi wasallam) ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, akubanja lake, Maswahaba ake ndi onse owatsatira kufikira tsiku lachiweruzo.

Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mobisika.

Abale athu m'Chisilamu, mzere woyamba wa m'mizikiti yathu ya m'mbali mwa nyanja wayamba kukhala ndi mipata. Madoda amene adali oyamba kufika pa Swala ya Subuhi, ena a iwo sitikuwaonanso. Tikafunsa kunyumba amatiyankha kuti bambo ali ndi msana. Chodabwitsa n'chakuti bambo omwewo timakawapeza kudooko madzulo akukankha bwato, dzanja limodzi lili m'chiuno. Kunyanja akupita chifukwa pakhomo pakufunika ufa, koma kumzikiti asiya chifukwa sangathe kuwerama pa rukuu, ndipo akuchita manyazi kuswali chokhala pamaso pa ana awo. Lero tikambirane nkhani imeneyi mosabisa.

Nyanja ndi mtendere umene Allah adatipatsa. Surat An-Nahl ndime 14 ikutiuza kuti Iye ndi amene adatifewetsera nyanja kuti tidye za m'menemo, ndipo Surat Al-Kahf ndime 79 ikutchula anthu osauka ogwira ntchito panyanja amene Allah adawasungira chombo chawo ku dzanja la mfumu yolanda. Usodzi ndi ntchito ya halali ndi yolemekezeka. Koma thupi limene timagwirira ntchitoyo ndi amana, chinthu chosungitsidwa kwa ife. Pamene Abdullah bin Amr bin Al-As (radhiya Allahu anhu) adachulukitsa kusala masana ndi kuswali usiku, Mtumiki adamuletsa namuuza kuti thupi lake nalonso lili ndi gawo loyenera kupatsidwa. Ngati kuzunza thupi kudaletsedwa pa ibada, nanga bwanji pa khoka ndi chilimira?

Tiyeni tiudziwe msana wathu. Kumunsi kwa msana, pamwamba pa chiuno, Allah adasanjikiza mafupa 5 amene amanyamula kulemera kwa thupi lakumtunda. Pakati pa fupa ndi linzake pali kachinthu kofewa kokhala ngati mtsamiro, ndipo m'kati mwa mafupawo mumadutsa mitsempha yopita kumiyendo, kuchikhodzodzo ndi kumatumbo. Munthu akamakula, timitsamiroti timauma ndi kuphwa, mfundo zimalimba, minofu imachepa mphamvu. Tsono taganizirani ntchito ya msodzi: kupalasa nkhafi mbali imodzi usiku wonse, kukhala chopindika pamlomo wa bwato, kukoka chingwe cha khoka chowerama, kukapa madzi, kusenza injini paphewa, kunyamula ukonde wonyowa ndi mabeseni a usipa kupita nawo kuthandala, ndi kugundidwa ndi mafunde m'nyengo ya mwera. Zimene msana wa mnyamata wa zaka 20 umaiwala kukacha, msana wa bambo wa zaka 60 umazisunga mwezi wathunthu.

Vutoli si lathu lokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni ankavutika ndi ululu wa kumunsi kwa msana, ndipo ululuwu ndi umene umatsogola polepheretsa anthu kugwira ntchito zawo. Uthenga wabwino ndi wakuti kupweteka kwa msana kochuluka kumachokera ku minofu ndi mfundo zotopa, ndipo kawirikawiri kumachepa pasanathe masabata 6 munthu akadzisamalira bwino.

Ena amati kufuna mankhwala ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Zimenezo si zoona. Usama bin Sharik (radhiya Allahu anhu) adasimba kuti Aarabu a kumidzi adafunsa Mtumiki ngati n'koyenera kufuna mankhwala, ndipo iye adawalamula kutero, nawafotokozera kuti nthenda iliyonse Allah adaiikira mankhwala kupatula imodzi, ukalamba. Hadith imeneyi ili m'mabuku a Abu Dawud ndi Tirmidhi. Muli maphunziro awiri m'menemo. Loyamba, ululu wa msana tiufunire chithandizo. Lachiwiri, tisanamizidwe ndi wogulitsa botolo pamsika amene akulonjeza kutibwezera msana wa paunyamata, pakuti ukalamba ulibe mankhwala. Tawakkul yeniyeni ndi ya munthu uja amene Mtumiki adamuuza kuti ayambe wamanga ngamira yake, kenako atsamire kwa Allah.

Nanga tichite chiyani msana ukagwira? Kale tinkati wodwala msana agone pamphasa mpaka achire. Madokotala adapeza kuti kugona masiku ambiri kumaumitsa msana ndi kufooketsa minofu. Pumulani ku ntchito yolemetsa masiku ochepa, koma muziyenda pang'onopang'ono pamalo osalala, m'mawa ndi madzulo, ndi kuonjezera mtunda pamene ululu ukuchepa. Kuthowa ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kumathandiza, chimodzimodzi kusisita mofatsa. Pogona chammbali ikani mtsamiro pakati pa mawondo, ndipo pogona chagada uikeni kunsi kwa mawondo. Podzuka yambani mwatembenukira chammbali, mudzikankhe ndi manja.

Mukabwerera kunyanja, sinthani kagwiridwe ka ntchito. Ponyamula katundu pindani mawondo, katunduyo akhale pafupi ndi thupi, ndipo potembenuka sunthani mapazi, osapotokola chiuno. Injini ndi ukonde wonyowa musanyamule nokha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Beseni lodzaza ligaweni pawiri. Popalasa muzisintha mbali, ndipo ikani thumba lopinda pamene mukukhala. Amene amasuta fodya adziwe kuti fodya amachedwetsa kuchira kwa msana, kuonjezera pa zoipa zake zina.

Tsopano nkhani ya mapiritsi. Ambiri a ife timagula panado, brufen, indocid ndi diclofenac pagolosale n'kumameza ngati mtedza tisanalowe m'madzi. Abale athu, brufen, indocid ndi diclofenac ndi a mtundu umodzi, ndipo kuwaphatikiza kapena kuwamwa masabata ambiri kumaboola zilonda m'mimba, kumaononga impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, makamaka kwa achikulire. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a shuga, a mtima, a impso kapena BP asamwe mankhwalawa asanafunse achipatala, ndipo asawamwe m'mimba muli mbee. Panado wa 500 mg munthu wamkulu asapyole mapiritsi 8 pa maola 24, chifukwa wochuluka amaononga chiwindi. Chimbudzi chikayamba kuda ngati phula kapena mukasanza magazi, siyani mapiritsiwo ndipo thamangirani kuchipatala. Ndipo amene amati chamba ndi kachasu zimapha ululu wa panyanja akuphatikiza tchimo pa nthenda. Surat Al-Baqarah ndime 195 ikutiletsa kudziponya tokha ku chionongeko.

M'mwezi wa Disembala 2023, bungwe la WHO lidatulutsa malangizo okhudza ululu wa msana wopitirira miyezi 3. Lidalimbikitsa kuphunzitsa wodwala za vuto lake, masewero olimbitsa thupi ndi kusisita, ndipo lidati malamba omanga m'chiuno, kukoka msana ndi makina, ndi mankhwala amphamvu oledzeretsa a gulu la opioid zisagwiritsidwe ntchito mwachizolowezi. Ndiye chifukwa chake dokotala akatitumiza ku mafizo tisanyoze kuti sadatipatse jakisoni. Mafizowo ndiwo mankhwala. Ndiponso si msana uliwonse wofuna ekisire kapena opaleshoni.

Koma pali zizindikiro zosafunika kudikira mawa. Ngati mwendo ukufooka kapena phazi likukwakwaza pansi. Ngati mwachita dzanzi m'mphechepeche. Ngati mkodzo ukukanika kutuluka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka osazindikira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti mitsempha ikapanikizika nthawi yaitali munthu angathe kulumala. Ngati msana ukupweteka pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda, dziwani kuti TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma. Ife okhala m'madzi tsiku ndi tsiku tikumbukirenso likodzo: limatulutsa magazi mumkodzo, limaononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo nthawi zina mazira ake amafika ku mtsempha waukulu wa msana. Mankhwala ake ndi praziquantel. Bambo wachikulire amene akuvutika pokodza ndipo msana sukumugonetsa usiku akapimitse prostate. Amene wagwa kapena kuphwanyidwa ndi bwato asangothowa kunyumba. Yambirani kuchipatala chaching'ono cha kwanu. Zipatala za maboma a Mangochi, Salima ndi Nkhotakota zimaona za mafupa, ndipo zikafunika zimatumiza odwala ku zipatala zazikulu za Zomba, Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu ku Lilongwe. Safunsa adadya phula.

Tikuchenjezananso za njira ina. Msana ukakhalitsa, mdierekezi amanong'oneza kuti mnzathu wa padooko watiponda chifukwa cha nsanje ya nsomba. Kuchokera apo munthu amapita kukaombeza, kumanga zithumwa m'chiuno ndi kutemera mphini ndi lezala limodzi anthu ambiri. Kudalira zithumwa ndi shirk, kunamizira m'bale ufiti ndi tchimo lodula ubale, ndipo lezala lobwerekana limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Mneneri Ayyub (alaihi salaam) adadwala nthawi yaitali, ndipo dandaulo lake adalipereka kwa Mbuye wake yekha, monga tikuwerengera mu Surat Al-Anbiya ndime 83 ndi 84, ndipo Allah adamuchotsera vuto lake.

Tikunena zimenezi ndi kupempha chikhululuko kwa Allah, ife ndi inu. Mpempheni chikhululuko, Iye ndi Wokhululuka kwambiri.

KHUTBA YACHIWIRI

Tikumtamanda Allah ndi kumfunira zabwino Mtumiki Wake.

Inu madoda amene mwasiya jamaa chifukwa cha msana, bwererani. Imran bin Husain (radhiya Allahu anhu) adali ndi nthenda yomusautsa, ndipo atafunsa za Swala, Mtumiki adamulangiza kuswali choimirira, akalephera chokhala, akalepheranso chogona chammbali. Izi zili mu Sahih Bukhari. Mtumiki mwini wake atagwa pakavalo navulala m'nthiti adaswali chokhala. Kodi ife ndi olemekezeka kuposa iye kuti tichite manyazi? Amene angathe kuima koma sangathe kuwerama, aime pamene akutha, ndipo pa rukuu ndi sijida aweramitse mutu ndi thupi mmene angathere, sijida ikhale yotsikirapo kuposa rukuu. Mphoto yake siichepa, pakuti Hadith ya Abu Musa (radhiya Allahu anhu) ikutiphunzitsa kuti wodwala amalembedwa zabwino zimene ankachita ali bwino. Ndipo ululu umene Msilamu waupirira, ngakhale wa munga, umamufafanizira machimo. Pa Ramadhani, wodwala amene achipatala amulamula kumwa mankhwala masana ali ndi chilolezo chomasula ndi kudzabweza masikuwo, monga zilili mu Surat Al-Baqarah ndime 184 ndi 185.

Komiti ya mzikiti iike mipando kapena benchi kumapeto kwa mizere, ndi pokhalira pamalo ochitira udhu, kuti achikulire asambe mapazi osawerama kwambiri.

Inu anyamata, Surat Al-Isra ndime 23 ikutilamula kuchitira zabwino makolo akafika pa ukalamba. Msana umene ukupweteka lerowo ndi umene udakulipirirani sukulu ndi madrasa. Si ulemu kuti bambo akoke khoka mwana ali pa bawo. Inu amene muli ku Joni, potumiza ndalama ya malata kumbukiraninso ya ulendo wa kuchipatala. Eni maboti ndi maukonde, muopeni Allah pa alovi anu achikulire. Musawachotse ngati nkhafi yothyoka. Apatseni ntchito yosoka maukonde, yoyang'anira thandala ndi malonda, ndi yophunzitsa achinyamata kuwerenga mphepo ndi malo a nsomba. Nzeru zimenezo sizigulidwa pasitolo. Ndipo nyengo yotseka nyanja ikayamba mu Novembala, tiilemekeze: nsomba ziswane, maukonde asokedwe, ndipo amene wakhala akuzengereza akaonane ndi dokotala.

Inu madoda, kusiya chingwe kwa mwana si kugonja. Msodzi amene wasunga msana wake adzapalasabe bwato lake pafupi ndi gombe, kutchera matchera ndi kuponya mbedza zaka zambiri, in shaa Allah.

E Allah, chiritsani odwala athu. Apatseni swabru amene ululu sukuwagonetsa. Asungeni amene ali panyanja usiku ndi usana, ndipo muwabweze kwa ana awo ali amoyo. Dalitsani rizki lathu likhale la halali, tipatseni mphamvu yokugwadirani kufikira tsiku lathu lomaliza, ndipo akhululukireni makolo athu amoyo ndi amene adatsogola. Ameen.

Imirirani tiswali, Allah akuchitireni chifundo.