NDALAMA ZA CDF ZIFIKENSO PA CITSIME NDI PA CIMBUDZI

Mafumu, anyakwawa, makhansala, azibambo ndi azimai a mu Chipata ndi midzi yozungulira:

Matenda ambiri amene adzaza Chipata Central Hospital ndi cipatala ca Mwami sayambira m'mawodi ai. Ayambira pa citsime cosabvundikira, pa cithaphwi ca kuseri kwa nyumba, ndi pa mudzi umene ulibe zimbudzi. Mfundo imeneyi ndi yakale. Mu 1978 maiko anapangana ku Alma-Ata kuti umoyo wabwino uyenera kuyambira kumene anthu akhala, ndipo Zambia, pansi pa utsogoleri wa Dr Kenneth Kaunda, inatsata njira imeneyi kuyambira mu 1981. Cimene cinali kuperewera zaka zonsezi ndico ndalama zimene anthu eni ake akhoza kulamulira.

Thumba la citukuko ca madera a aphungu, lochedwa CDF, linakhazikitsidwa mu 1995, koma kwa nthawi yaitali linali lopepuka. Mu 2021 dera limodzi linali kupatsidwa K1.6 miliyoni cabe. Mu 2022 Boma linakweza ndalamazi kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2024 zinafika pa K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 pa K36.1 miliyoni. Madera a Chipata Central, Luangeni, Kasenengwa ndi Chipangali anali pa muyeso womwewo. Gawo lalikulu koposa la ndalamazi ndi la nchito zimene anthu asankha okha: pempho licokera kwa anthu kudzera m'komiti ya citukuko ya m'wodi, komiti ya CDF ya dera ilisanthula, ndipo khonsolo ndiyo isunga ndalama ndi kulipira ogwira nchito.

Apa ndipo pagona nkhani. Pamsonkhano wa m'wodi, cimene cipambana kawiri-kawiri ndi cinthu cooneka ndi maso: cipinda ca sukulu, mlatho, nyumba ya anamwino. Zonsezi ndi zofunika, ndipo palibe munthu wanzeru angazinyoze. Koma nyumba ili ndi khoma lolembapo dzina la thumba ndi tsiku lodula riboni, pamene ngalande yoyeretsedwa ku Kapata kapena zimbudzi za pa msika siziombeledwa m'manja ndi munthu aliyense. Mwana amene sanadwale sadziwika, ndipo salembedwa m'buku lililonse. Ndico cifukwa cake nchito yopewa matenda imatsalira kumbuyo, ngakhale kuti mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi mtengo wa kuciritsa.

Kolera inaonetsa kale mtengo wa kucedwa. Mu January 2023, pamene Malawi inali pa mliri umene unapha anthu opitirira 1,700, nthendayi inabuka ku Vubwi, m'Cigawo ca Kum'mawa comwe cino. Kacirombo safunsa ziphaso pa malire a Mwami. Ayenda ndi amalonda, ndi opita ku maliro, ndi madzi a mumtsinje. Mu October caka comweco mliri wina unayamba ku Lusaka, nufalikira m'zigawo zonse khumi. Odwala anapitirira 20,000, akufa anapitirira 700, bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January 2024 anadikira kufikira pa 12 February. Makomboni othinana onga Mchini ndi Nabvutika, kumene zitsime zosaya zimayandikana ndi zimbudzi, ali pa ngozi yofanana dzinja lililonse. Za malungo nazo n'zosacita kufunsa, popeza mayi aliyense wa kuno adziwa kucezera usiku ndi mwana wotentha thupi.

Cotero makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi m'makomboni asakhale oonerera. Iwo ndiwo adziwa mjigo umene unafa, sukulu imene ana mazana alimbirana cimbudzi cimodzi, ndi kiliniki imene azimai acirira popanda madzi a m'mipope. Zimenezi zilembedwe pa pepala, ndi maina a malo ndi ciwerengero ca anthu othandizidwa, ndipo ziperekedwe ku komiti ya m'wodi nthawi yolandira mapempho isanathe. Pempho likabvomerezedwa, anthu ali ndi ufulu wofunsa khansala wao kuti nchito yapatsidwa kwa yani, pa mtengo wanji, ndipo idzatha liti. Mjigo ukakumbidwa, mudzi usankhe ousamalira ndi kusonkha ndalama zogulira zitsulo tsiku lomwelo, mmisiri asanacoke.