Ndani Amalipira Wowerenga Zidindo za Zala?

Tisanayambe, aliyense atambasule dzanja lake lamanja ndi kulozetsa chala chachikulu kumene kukuchokera kuwala. Yang'anitsitsani kunsonga kwake. Kodi mukuona timizere tating'onoting'ono tondondozana ngati mizere ya m'munda wolimidwa bwino?

Ena a inu muona kuti timizereto tikulowa kuchokera kumbali, nkukhota, nkubwerera komwe tachokera, monga muja uchitira mtsinje wa Luangwa m'chigwa. Ena muona tikuzungulira ngati nkhata. Owerengeka okha ndiwo aone tikukwera ndi kutsika ngati kachulu. Pa zala 100 zilizonse, zoposa 60 zimakhala ndi timizere tokhota, pafupifupi 30 zili ndi tozungulira, ndipo za kachulu ndi zisanu chabe. Koma ngakhale mitundu yake ili yochepa chotere, sanapezekepo anthu awiri a timizere tofanana ndendende, ngakhale mapasa amene amayi awo omwe amawasokoneza. Timizereti timaumbika mwana asanabadwe ndipo sitisintha kufikira imfa. Mukadzicheka pang'ono ndi chikwakwa pomweta mpunga, timameranso monga tinalili. Bala lakuya lokha ndilo limasiya chipsera, ndipo chipseracho chimangosanduka chizindikiro china chokudziwirani.

Khungu la munthu limatulutsa thukuta nthawi zonse. Choncho mukagwira botolo, galasi la pazenera kapena chitseko chopaka penti, mumasiyapo chithunzi cha timizere tanu ngakhale maso sachiona. Chimenechi ndicho chidindo cha chala.

Anthu sanayambe kale kwambiri kugwiritsa ntchito zidindozi pofufuza milandu. Mu 1858 William Herschel, Mngelezi wogwira ntchito ya boma ku India, anayamba kudinditsa anthu manja pa mapangano kuti asadzakane. Mu 1892 ku Argentina, mayi wina anapha ana ake awiri nanamizira mwamuna woyandikana naye. Mwamunayo akanafera mlandu wa eni, koma wapolisi anapeza chidindo cha magazi pamphuthu ya chitseko, ndipo poyerekeza mwa njira ya Juan Vucetich chinapezeka kuti chinali cha mayiyo. Mu 1897 mzinda wa Calcutta unatsegula ofesi yosungira zidindo, m'mene Azizul Haque ndi Hem Chandra Bose anathandiza Edward Henry kukonza njira yozisanjira kuti zizipezeka msanga. Apolisi a ku London anatsegula yawo mu 1901. Taonani kuti mlandu wa ku Argentina uja unagwira wolakwa, komanso unamasula wosalakwa. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso kwa iyo.

Tsopano tiyerekeze kuti pa sukulu ina ya kumidzi m'dziko la Mfumu Chikwa kapena Mfumu Tembwe, mbala zathyola ofesi ya aphunzitsi aakulu usiku ndi kuba batire la magetsi a dzuwa. Pagalasi losweka pali chidindo cha mbalayo. Kodi chidindocho chidzayankhula chokha? Iyayi. Pafunika wapolisi wophunzitsidwa afike ndi kaburashi kofewa ndi ufa wapadera. Awaze ufawo mosamala kuti umatirire pa thukuta lija, ajambule chithunzi, anyamule chidindocho ndi tepi yoonekera, achimate pa khadi, ndi kulembapo tsiku ndi malo. Pambuyo pake pafunika katswiri wina wochiyerekeza ndi zidindo zosungidwa ku likulu la apolisi ku Lusaka, kapena ndi zala za amene akuganiziridwa. Iye amayang'ana pamene kamzere kathera, pamene kagawika pawiri, ndi pamene pali kadontho. Masiku ano kompyuta imathandiza kusankha zidindo zochepa zoyandikira kufanana pakati pa zikwi zambiri, koma wogamula ndi munthu, ndipo ndiye amakaimirira pamaso pa woweruza kuti afunsidwe mafunso.

Ntchito imeneyi si yophunzira sabata imodzi, ndipo ngakhale akatswiri amaphonya. Mu 2004, mabomba ataphulika m'masitima a pamtunda ku Madrid, akatswiri a FBI ku America ananena kuti chidindo china chinali cha loya wa ku Oregon. Munthuyo anatsekeredwa milungu iwiri, kufikira apolisi a ku Spain atapeza mwini wake weniweni wa chidindocho. Ngati izi zinachitikira ofesi yolemera chotero, mukhoza kuona chifukwa chake wowerenga zidindo ayenera kuphunzitsidwa bwino, kupatsidwa zipangizo, ndi kukhala ndi mnzake woonanso ntchito yake. Zonsezi zimafuna ndalama. Nanga ndalamazo zichokere kuti?

Mayiko amayankha mosiyana. Ku King County, dera limene muli mzinda wa Seattle ku America, anthu anavota mu 1986 kuti awonjezere pang'ono msonkho wa nyumba ndi malo, ndalama zake zilipirire makina ndi antchito oona za zidindo za zala m'deralo. Ku England mbali ina ya ndalama za apolisi imasonkhedwa pamodzi ndi msonkho wa khonsolo. Kumeneko eni dera amalipira okha mwachindunji.

Kuno ku Zambia si choncho. Malamulo aakulu a dziko lathu anaika apolisi m'manja mwa boma lalikulu. Gulu lawo ndi limodzi kuchokera ku Chama kukafika ku Shang'ombo, mkulu wake amakhala ku Lusaka, ndipo lili pansi pa unduna woona za m'dziko. Ambiri a iwo amaphunzira ntchito ku Lilayi, kufupi ndi Lusaka. Malipiro a wapolisi aliyense, wapamsewu ngakhale wowerenga zidindo, amachokera ku thumba la boma lalikulu. Khonsolo ya Chama ili ndi ntchito zake: misika, malo okwerera mabasi, ukhondo, misewu ing'onoing'ono ndi ziphaso za malonda. Makhonsolo amaloledwa kukhala ndi apolisi awoawo, koma amenewo amayang'anira malamulo a khonsolo, monga a pamsika. Kufufuza umbava ndi kupha si gawo lawo.

Mwina wina afunsa kuti, "Ndiye kuti khonsolo yathu ilibe nazo kanthu?" Ili nazo ndithu, ndipo njira yake ndi thumba la chitukuko cha dera la phungu, limene makolo anu amalitchula kuti CDF. Thumba limeneli linayamba mu 1995, ndipo kwa zaka zambiri linali laling'ono. Mu 2021 dera lililonse linkalandira K1.6 miliyoni pachaka. Mu 2022 ndalamazo zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni. Ndalamazi zimadzera ku khonsolo. Anthu amatchula zosowa zawo m'makomiti a chitukuko a m'mawodi, ndipo komiti ya dera lonse imasankha zoyenera kuyamba. M'madera ambiri a dziko lino ndalamazi zamanga timaofesi ta apolisi ta kumidzi pamodzi ndi nyumba zawo. Mu 2023 boma linapereka kwa apolisi magalimoto 156 ogulidwa ndi ndalama za thumbali, imodzi pa dera lililonse la phungu monga madera analili panthawiyo. Chama anali ndi madera awiri, Chama North ndi Chama South.

Galimoto ingaoneke ngati yosakhudzana ndi chala, koma inu a ku Chama mukudziwa bwino. Boma lanu ndi lalikulu, midzi ili patalipatali, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje yotsikira ku Luangwa imadula njira. Chidindo sichidikira. Dzuwa limachiumitsa, fumbi limachikwirira, mvula imachitsuka. Wapolisi wofika mochedwa angapeze palibe chowerenga. Ndiponso khadi lija likanyamulidwa, ulendo wake ndi wautali: kuchokera pa boma la Chama kudzera ku Lundazi kukafika ku Chipata ndi makilomita oposa 300, ndipo kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi ena oposa 500. Aphunzitsi mukumbukira kuti mu 2011 boma la Chama linasamutsidwira ku chigawo chatsopano cha Muchinga, chimene likulu lake ndi Chinsali, ndipo mu 2021 linabwezedwa ku Chigawo cha Kummawa. Likulu likhale uku kapena uko, mtunda sufupika.

Tsono ntchito yagawika pawiri. Boma lalikulu limaphunzitsa munthu ndi kumlipira mwezi ndi mwezi. Khonsolo ingathe kumkonzera pokhala, pogwirira ntchito, msewu ndi mlatho woti adutsepo. Ine ndiona kuti kugawa kotereku kuli ndi nzeru. Malipiro a katswiri akanati azichokera ku msonkho wa pamsika, khonsolo ya Lusaka kapena ya Kitwe ikanalemba akatswiri ambiri, pamene ya Chama, yodalira alimi a mpunga, chimanga ndi thonje, ikanavutika kulipira ngakhale mmodzi. Chilungamo chikanatsata chuma. Ndiponso wofufuza milandu amene chakudya chake chili m'manja mwa akuluakulu a pamalopo angachite mantha tsiku limene chidindo chaloza mmodzi wa iwo.

Koma kugawaku kuli ndi msampha wake, ndipo ndi bwino kuunena poyera. Nyumba imaoneka, munthu akhoza kuiloza ndi chala pa msonkhano ndi kunena kuti tinamanga ndife. Maphunziro a wapolisi saoneka, botolo la ufa salichitira mwambo wotsegulira. Nchapafupi kuti mbali imodzi imange nyumba yokongola, mbali inayo nkuchedwa kutumiza munthu wodziwa ntchito, ndipo aliyense nkumaloza mnzake. Nchifukwa chake pamene makolo anu apempha kaofesi ka apolisi pa msonkhano wa wodi, ayenera kufunsanso kuti mudzakhala ndani m'menemo, ndipo adzakhala ndi zipangizo zotani. Khansala sangalembe ntchito wapolisi, koma iye ndi phungu ali ndi pakamwa pofikitsa funsolo kwa amene angathe.

Tibwerere ku batire lija. Umboni ukasowa, anthu saleka kufuna wolakwa, amayamba kuganizirana. Wina akumbukira kuti mnyamata wakuti anaoneka pafupi ndi sukulu madzulo. Wina apita kwa sing'anga kukaombeza. Posakhalitsa dzina latuluka, ndipo mwini dzinalo amenyedwa kapena athamangitsidwa pamudzi, mwina popanda chifukwa. Malamulo a Zambia amaletsa kulanga munthu ndi manja anu, amaletsanso kumtchula munthu kuti ndi mfiti. Koma kuletsa kokha sikukwanira ngati anthu alibe njira ina yopezera zoona. Wowerenga zidindo ndi imodzi mwa njira zimenezo, ndipo monga zinachitikira ku Argentina, amene amapindula naye koposa ndi munthu wonamiziridwa.

Si mbala zokha zimene zimadinda zala. Mukadzakwanitsa zaka 16 mudzatenga chitupa cha unzika, ndipo mudzadinda chala. Polembetsa kuvota mudzadindanso. Munthu wofuna kalata ya apolisi yosonyeza kuti alibe mbiri ya milandu, imene imafunika pa ntchito zina ndi pa maulendo ena a kunja, amadinda zala zonse khumi kuti akaziyerekeze ndi zosungidwa. Agogo ena amachita nazo mantha, pokumbukira masiku amene anthu opita ku migodi ya ku Joni ankadinditsidwa zala kuti mabwana aziwalondola. Mantha awo ali ndi maziko. Nchifukwa chake mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu, limene limaika zidindo za zala m'gulu la zinthu zofunika kusungidwa mosamala koposa. Mlendo akakupemphani kudinda chala papepala limene simukulidziwa, itanani aphunzitsi kapena makolo poyamba.

Aphunzitsi, phunziro likatha chitani izi ndi ana. Aliyense apake pensulo kwambiri pa kapepala mpaka pade, atikitepo chala chake, kenaka amate katepi koonekera pachalapo, akamatule ndi kukamata m'kope. Tepi ikasowa, mwaye wa pansi pa mphika wosakaniza ndi kadontho ka mafuta ophikira ugwira ntchito. Chala chigubuduzidwe kamodzi kokha kuchokera kumbali kupita kumbali inayo. Werengani kuti m'kalasi mwanu zokhota ndi zingati, zozungulira zingati, za kachulu zingati, ndipo muone ngati zikuyandikira chiwerengero ndinatchula poyamba paja. Makopewo akhale a ana eni ake.

A Giredi 6 ndi 7 alembe kalata yaulemu kwa mkulu wa apolisi wa pafupi nanu, kumpempha kuti adzacheze pa sukulu. Akonzeretu mafunso: Kodi kukathyoledwa nyumba kuno, amene amadzatenga zidindo amachokera kuti? Amatenga masiku angati kuti afike? Yankho la ku Lusaka limabwera patapita nthawi yotani? Mayankhowo muwalembe bwino ndi kuwapereka kwa wapampando wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, kuti akawanyamule popita ku msonkhano wa wodi.

Ndipo inu ana, tsiku lina mukadzafika m'mawa nkupeza chitseko cha ofesi chili pululu, loko ali pansi, musathamangire kukamtola kuti mukaonetse aphunzitsi. Ikani manja kumbuyo. Mmodzi aime patali ndi khomo kuletsa anzake kulowa, wina athamange kukaitana aphunzitsi aakulu. Ngati kukubwera mvula, aphunzitsi avundikire galasi loswekalo ndi beseni popanda kulikhudza, ndipo pasasesedwe kufikira apolisi atafika.