Thukuta la Wothyola Tiyi ndi Udindo wa Mabanki

Anthu a ku Goliati, m'boma la Thyolo, ndalama amaipeza ndi thukuta. Ena amalawirira kukathyola tiyi m'maesiteti a m'bomalo monga Makandi ndi Naming'omba, ena amalima tomato ndi kabichi, pamene ena amaweta ng'ombe za mkaka. Kale wofuna kuba chuma chotere ankaboola khoma usiku, koma lero amangoimba lamya ali kutali.

Chikhazikitsireni Airtel Money m'chaka cha 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, ndalama zinayamba kuyenda palamya, ndipo mabanki nawonso analumikiza maakaunti awo ku lamyazo. Ubwino wake ndi wosachita kufunsa, koma akathyali nawo anapezerapo khomo. Wina amanamizira kuti ndi kalaliki wa kubanki, nanena kuti akaunti itsekedwa pokhapokha mwini wake atchule nambala yachinsinsi. Wina amati katundu wochokera kwa m'bale ku Joni wagwidwa pachipata cha Mwanza, ndipo pakufunika ya msonkho msangamsanga. Onsewa chida chawo ndi chimodzi: kum'fulumizitsa munthu kuti asapeze mpata wofunsa.

Boma linachitapo mbali yake. Mu 2017 nzika zinalembetsa ziphaso za umzika, ndipo mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya lamya ilembetsedwe. Komabe mbava zimagwiritsa ntchito ziphaso za eni ake. Tsono banki, imene inalandira ndalama ndi lonjezo loisunga, ili ndi ntchito zitatu.

Yoyamba ndiyo kuchenjeza m'chinenero chimene anthu amamva. Uthenga wa m'Chingerezi suthandiza mayi wa ku Goliati amene amalankhula Chichewa ndi Chilomwe. Akalaliki ayenera kufika paesiteti tsiku la malipiro ndiponso pamsika, nanena poyera kuti banki sifunsa nambala yachinsinsi palamya.

Yachiwiri ndiyo kudekha. Akaunti ya wantchito amene amatapa pang'onopang'ono ikafuna kukhuthulidwa yonse pakati pa usiku, kapena nambala ya mwini wake ikangosinthidwira pa simukhadi ina, banki iyambe yaimitsa ndalamayo ndi kum'funsa mwiniyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yachitatu ndiyo liwiro pamene choipa chachitika. Ndalama yobedwa imakatapidwa kwa ejenti m'mphindi zochepa, motero sikwanzeru kum'uza wobedwayo kuti akwere minibasi kupita ku Luchenza kapena ku Thyolo Boma kukalemba kalata. Pafunika nambala yaulere yoyankhidwa usana ndi usiku, ndiponso mgwirizano wa mabanki, makampani a lamya ndi apolisi wotseka akaunti yolandira ndalamayo nthawi yomweyo. Amene banki yake sinam'thandize ali ndi ufulu wokadandaula ku Reserve Bank of Malawi.

Ku Britain, kuyambira mu Okotobala 2024, lamulo limakakamiza mabanki kubwezera munthu wonamizidwa ndalama zofika mapaundi 85,000. Banki yodziwa kuti ikhoza kulipira kuchokera m'thumba mwake imalondera mosagona.

Wosunga ndalama naye asamale chinsinsi chake, pakuti safunsa anadya phula. Koma si chilungamo kum'senzetsa wothyola tiyi katundu yense, pamene makina, akatswiri ndi phindu zili m'manja mwa banki.