KUGONA PANJA PA PHIRI LA NYIKA



Kwa ife a ku Kanyama, Matero ndi Chawama, munthu sagona panja popanda cifukwa. Amuna amagona panja pa maliro, atazungulira moto wa zitsa. Wina amagona panja cifukwa mwini nyumba wamturutsira katundu pa mlandu wa lendi, kapena madzi a mvula alowa m'nyumba monga acitira ku Kanyama. Tsono mukamva kuti alipo anthu amene amasiya nyumba zabwino, nanyamula hema, napita kukagona m'thengo mwa kufuna kwao, mudzati mitu yao siyenda bwino. Inenso ndinali kutero, kufikira ndinakagonako ndekha.

Ku America mwambo umenewu ngwaukuru. M'nkhalango za Boma za kumeneko lamulo limalola munthu kutsata kamseu ka m'phiri ndi galimoto lace, kuima pamene wakonda pafupi ndi kanyanja, ndi kumanga hema osalipira kanthu, m'malo ambiri kufikira masiku 14. Palibe cimbudzi, palibe mpopi, palibe mlonda. Mnyamata wina wa ku Mtendere ataona zimenezi pa foni yace anandifunsa ngati kuno kwathu malo otere alipo. Ndinamyankha kuti phiri liripo, kanyanja kalipo, koma za ulerezo aiwale.

Phirilo ndilo Nyika, limene liri pa malire a Zambia ndi Malawi, kumpoto kwa Lundazi. Gawo lalikuru liri m'Malawi. Lathu la Zambia ndi kacigawo cabe, ndipo ngakhale kacigawoko mseu wace wa galimoto umadzera m'Malawi. Wocokera ku Lusaka atsate mseu wa kum'mawa kufikira ku Chipata, akhote kunka ku Lundazi, aoloke malire, afike ku Rumphi. Kucokera pamenepo ndi mseu wa fumbi wokwera ku cipata ca Thazima, kumene amalipiritsa ndi kulemba maina, ndipo kucokera pa cipata kufikira pa Chelinda, pakati pa phiri, patsala makilomita ngati 60. Pa dzinja mseuwo umagonjetsa magalimoto ang'ono.

Pamwamba pace si pamene tizolowera ife a m'cigwa. Mitengo ya miombo imatsalira m'munsi, ndipo maso amangoona zitunda za udzu waufupi, cina kuseri kwa cinzace, kufikira kumene thambo litsikira. Nsonga yace yaitari, Nganda, ipitirira mamita 2,600. Mbidzi, nchefu ndi cilembwe zimadya poyera ngati ng'ombe za pamudzi. Pa Chelinda pali nkhalango ya mitengo ya paini imene Azungu anabzala m'zaka za m'ma 1950, ndi madamu atatu okumbidwa ndi anthu. Koma nyanja yeniyeni yosakumba munthu ndi imodzi yokha, Kaulime, kanyanja kakang'ono kamene wina wozolowera Kariba angaseke. Anthu akale a m'phirimo sanali kukaseka ai. Anali kunena kuti m'madzimo mukhala njoka yaikuru ya mizimu, ndipo anali kuyandikira ndi ulemu.

Ine ndinagona pa Chelinda mwezi wa Julaye. Ndinanyamula bulangete limodzi, poganiza kuti munthu amene wapirira mphepo ya Lusaka sangaope kwina. Usiku umenewo ndinaphunzira. Pakati pa usiku ndinabvala malaya onse amene ndinali nao, nsapato zomwe, ndipo tulo sitinabwere. Fisi analira kutsidya kwa dambo. M'mamawa udzu wonse unali woyera ndi cisanu, ndi madzi amene ndinasiya m'poto anali ataumba kacikhungu pamwamba. Koma nyenyezi zimene ndinaona usiku umenewo sindinazionepo ku George, kumene utsi wa mbaula ndi nyali za m'miseu zimabisa thambo.

Tsopano za lamulo. Nyika ndi malo osungidwa ndi Boma ku mbali zonse ziwiri: Malawi anaika lamulo lace mu 1965, Zambia mu 1972. Mlendo saloledwa kuimika galimoto pamene wakonda ndi kugona, ngakhale m'mbali mwa Kaulime. Amamanga hema pa malo oikidwa pa Chelinda, ndipo amalipira. Wofuna kugona m'thengo mwenimweni ayenera kuyenda ndi msilikali wa nyama, monga acitira amene amayenda pansi masiku atatu kutsikira ku Livingstonia.

Cifukwa coyamba ndi moto. Pa miyezi ya cilimwe udzu wa pa Nyika umauma gwaa, ndipo mphepo siileka. Khala limodzi losiyidwa ndi munthu wothamangira ulendo likhoza kutentha zitunda zambiri tsiku limodzi. Udzu umaphukanso, koma timankhalango ta mitengo yakale ta m'makwawa, monga Chowo ku mbali ya Zambia, moto ukatidya m'mphepete timabwerera m'mbuyo, ndipo kukula kwace nkwa zaka zambiri. Phirilo ndi nkhokwe ya madzi: mitsinje ina imatsikira ku Nyanja ya Malawi, ina ku cigwa ca Luangwa. Wotentha pamwamba amalanga alimi a m'munsi amene sanamuonepo nkhope.

Cina cikukhudza ife tomwe. Pa Nyika pamamera maluwa a m'madambo a mitundu yoposa 200 a pfuko lija limene mizu yace amapangira cikanda. Cikanda cimene timagula pa msika wa Soweto ndi kudya mokondwa sicilimidwa m'munda. Cimakumbidwa m'thengo, ndipo popeza ca pafupi cinacepa, okumba amafika kutari, ku Tanzania ndi ku Nyika komwe. Wokumba akazula muzu, duwalo latha. Alonda akaona utsi kumene sikuyenera kukhala munthu, ayenera kudziwa msanga ngati ndi mlendo, wokumba cikanda kapena wosaka nyama.

Koma ndikadanama ndikadati nkhaniyi iribe mbali yowawa. Phirilo silinali lopanda eni. Aphoka ndi anansi ao anakhalamo mibadwo yambiri, ndipo inu a ku migodi mudzakondwa kumva kuti anali osungunula citsulo. Ng'anjo zao zadothi zikali kuoneka m'mapiri. Mu 1978 Boma la Malawi linakuza malire a malo osungidwawo, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa. Ana a anthu amenewo lero amakhala kunja kwa malire, ndipo manda a makolo ao anatsalira m'kati. Mlendo wa ndarama amagona kumene agogo ao anali kugona kwaulere. Ine ndibvomereza lamulo la moto, koma sindingauze munthu wotere kuti mtima wace usawawe. Cifukwa ca ici, pamene mnyamata uja anadandaula kuti ku America salipira, sindinamve naye cisoni kwambiri. Iye angataye ndarama za usiku umodzi. Ena anataya mudzi.

Wina wa inu akalandira chuti ku nchito nafuna kupitako, atenge pasipoti, mabulangete awiri kapena atatu, ufa ndi ndiwo zokwanira, ndi mafuta a galimoto opita ndi kubwerera, pakuti pamwamba palibe sitolo yodalira. Ndarama za pa cipata afunsiretu asananyamuke. M'mawa pocoka athire madzi pa moto, aike dzanja pa phulusa kuona ngati lazizira.

Nthawi yathu yatha. Gonani bwino nonse.