Mabakiteriya odya mpweya wa m'matope

Lero tilowa m'matope.

Inu alimi a mpunga ku Karonga ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa mukudziwa kuti mukaponda m'munda wodzadza madzi, timathovu timatumphuka pozungulira phazi. M'timathovu timeneto muli mpweya wotchedwa methane, umene umapangika mapesi ndi mizu zikamawola pansi pomwe okosijeni safika. Mpweyawu ndi woopsa pa kusintha kwa nyengo: pa zaka 100, kilogalamu imodzi imatenthetsa dziko ngati makilogalamu pafupifupi 28 a carbon dioxide.

Mwayi wake, suthawira kumwamba wonse. Pamwamba penipeni pa matope, komanso pamizu ya mpunga imene imatsitsira okosijeni pansi, pamakhala mabakiteriya amene chakudya chawo ndi methane yemweyo. Woyamba kuwaweta m'chipinda choyesera anali Söhngen wa ku Netherlands mu 1906, ndipo mu 1970 Roger Whittenbury ndi anzake ku Britain anawagawa m'magulu awiri akuluakulu.

Magulu awiriwa amasinthana ufumu malinga ndi momwe dothi lilili. Pamene pali okosijeni wambiri ndi nayitrojeni wokwanira, gulu la Methylomonas ndi Methylobacter limaswana mothamanga n'kulanda malo. Chonde chikachepa, mpweya wabwino ukayamba kusowa, gulu la Methylocystis ndi Methylosinus ndilo limatsala. Awa ndi opirira, ndipo ambiri a iwo amatha kudzitengera okha nayitrojeni wa mumpweya. Nawonso mkuwa uli ndi mawu. Chida chimene ambiri amaphwanyira methane chimafuna mkuwa, ndipo ukasowa m'dothi, mitundu ina imatembenukira ku chida china chodalira ayironi. Imene ilibe chida chachiwiricho imafooka.

Chimene ine ndimachita nacho chidwi kwambiri ndi nkhani ya feteleza, chifukwa ilibe yankho limodzi. Ku Rothamsted, ku England, kuli minda yoyeserera ya tirigu imene yakhala ikulimidwa kuyambira mu 1843. Kumeneko anapeza kuti dothi lothiridwa feteleza wa amoniyamu chaka ndi chaka limamwa methane wochepa, poti amoniya amalimbirana malo ndi methane pa chida chofuna mkuwa chija. Koma mu 2000, ofufuza ena anaona kuti pamizu ya mpunga feteleza wa mtundu womwewo amawapatsa mphamvu mabakiteriyawa. Kumeneko methane ndi wa mwanaalirenji, chimene amasowa ndi nayitrojeni basi. Choncho wina akakuuzani mwachidule kuti feteleza amapha tizilomboti, mumufunse kaye kuti akunena dothi liti.

Ngakhale chulu chili nawo mabakiteriya odya methane. Chiswe chimatulutsa methane pogaya udzu ndi mitengo, koma kafukufuku wa mu 2018 kumpoto kwa Australia anasonyeza kuti mabakiteriya a m'makoma a chulu amadya pafupifupi theka la mpweyawo usanatuluke panja.