Mtengo wa Chambo ku Nyanja

Tsiku la Anakubala likafika pa 15 Okutobala, kapena nyengo ya Khirisimasi ikayandikira, misewu ya ku Mangochi, ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay imadzaza ndi magalimoto. Mabanja amene akhala akusunga ndalama chaka chonse amapita kukapitidwa mphepo ku nyanja. Koma ambiri mwa iwo amabwerako ndi dandaulo limodzi: nsima ya chambo pa hotela ya m'mphepete mwa nyanja imadula koposa ya m'tauni, chikhalirecho nsombayo kwawo ndi komweko. Kodi chimachititsa zimenezi n'chiyani?

Choyamba ndi nsomba yeniyeniyo. Chambo chinayamba kuchepa kwambiri m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha kuchuluka kwa asodzi ndi makoka a maso ang'onoang'ono. Ndiponso m'miyezi ya Novembala ndi Disembala boma limaletsa usodzi wa makoka kuti nsomba ziswane. Kotero nthaŵi imene alendo achuluka ndi yomweyo imene chambo chimasoŵa.

Chachiŵiri ndi mtunda. Zakumwa, mafuta ophikira, shuga ndi zina zambiri zimachokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo galimoto yonyamula katunduyo imamwa mafuta ogulidwa kunja. Pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zonsezi inakwera pamodzi. Magetsi akazima, mwini hotela amaliza jenereta kuti za mufiriji zisaonongeke, ndipo dizilo wake amalipira ndi wakudya uja.

Chachitatu ndi nyengo. M'miyezi ya dzinja alendo amachepa, koma ophika, operekera zakudya ndi alonda ayenera kulandirabe malipiro. Phindu la masiku oŵerengeka ndilo limanyamula miyezi yopanda malonda. Pamwamba pa izi pali misonkho ya boma imene imaonjezedwa pa mtengo wa chakudya.

Zifukwa zimenezi n'zomveka, komabe sizimasula eni malo pa udindo wawo. Bambo amene waitanitsa chakudya osauzidwa mtengo, nadzaona ndalama zake zitapereŵera pamaso pa mkazi ndi ana ake, sadzabwereranso pa malowo, ndipo adzachenjeza anzake. N'chifukwa chake mitengo iyenera kulembedwa poyera, m'makwacha, misonkho itaphatikizidwamo kale. Payeneranso kukhala mbale ya utaka, usipa kapena nyemba, ya mtengo umene mphunzitsi kapena kalaliki angaukwanitse.

Mlendonso ali ndi mbali yake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kufunsa mtengo chakudya chisanaphikidwe si umphaŵi ayi, koma nzeru. Ndipo amene thumba lake ndi lopepuka angathe kuloŵa m'malesitilanti a m'mudzi, monga a kwa Chembe ku Cape Maclear, kumene ndalama yake idzagwera m'manja mwa mayi wophika ndi msodzi.

Paki ya Nyanja ya Malaŵi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Ulemu umenewu ndi waukulu. Koma udzakhala wopereŵera ngati mwana wa m'dziko muno azingoima pa mchenga, kununkhiza chambo chimene akudya ena.