PHUNGU NDI THUMBA LA DZIKO

Caka ndi caka Nduna ya za Cuma imalowa m'Nyumba ya Malamulo itanyamula cikwama, ndipo m'cikwamamo muli ciwerengero ca ndarama zonse zimene Boma lifuna kusonkhetsa ndi kumwaza m'miyezi khumi ndi iwiri. Ciwerengero cimeneci ndico anthu amacicha bajeti. Mwambo wace ngwofanana ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Harare, pakuti maiko atatuwa anautengera ku London: Boma lipempha, aphungu ndiwo alola. Nkhani ya lero inena za phungu mmodzi wa ku Malawi, A John Tembo a ku Dedza, amene anakhalapo mbali zonse ziwiri, yopempha ndi yolola, ndiponso za yankho limene anthu osankha anawapatsa.

Poyamba kuyenera kudziwika kuti mphamvu ya phungu pa ndarama iri ndi malire. Monga mwa malamulo akulu a dziko la Malawi, phungu wamba sangabweretse lamulo la msonkho, kapena lomwazira ndarama za Boma, popanda cilolezo ca Nduna ya za Cuma. Sangadzilembere yekha mlatho wa kwao m'bajeti. Cimene angathe ndi kufunsa, kutsutsa, kucedwetsa ndi kukana. Nduna ikatha kuwerenga mau ace, aphungu akambirana za bajeti yonse pamodzi. Pambuyo pace asanthula gawo la unduna uli wonse palokha, la zipatala, la masukulu, la ulimi, la miseu. Ndipo potsiriza abvomereza lamulo lolola Boma kutapa m'thumba la dziko. Caka ca ndarama cikayamba lamulolo lisanabvomerezedwe, Nyumba ikhoza kulola Boma kumwaza zongoyendetsera nchito zace kwa miyezi yosapitirira inai.

Kumudzi nchito imeneyi sioneka. Kumeneko phungu amuyesa ndi muyeso wina: kodi anafika pa maliro? Kodi anathandiza bokosi, kapena galimoto lotengera wodwala ku cipatala? Kodi analipirira mwana wamasiye ku sukulu? Motero phungu ali ndi mabwalo awiri, lina la mumzinda, lina la pansi pa mtengo, ndipo nzeru yace yonse igona pa kutenga cosowa ca pansi pa mtengo ndi kukacipezera malo m'bajeti.

A Tembo anabadwa mu 1932 m'boma la Dedza. Ataphunzira ku Roma m'dziko la Basutoland, limene lero ndi Lesotho, anakhala mphunzitsi, ndipo pa masankho a 1961 anthu a kwao anawatumiza ku Bungwe la Malamulo ku Zomba. A Dunduzu Chisiza atamwalira pa ngozi ya galimoto mu September 1962, A Tembo ndiwo analowa m'malo mwao monga wothandiza mu unduna wa za cuma, ndipo mu 1964, caka ca ufulu, anakhala Nduna ya za Cuma. Masiku amenewo msonkho sunali kukwanira kuyendetsa dziko, kotero Boma la Britain linali kuthirirapo caka ndi caka. Kuyambira 1971 kufikira 1984 anali mkulu wa Reserve Bank. M'nyengo ya cipani cimodzi, pansi pa Dr. Kamuzu Banda, kukana bajeti kunali cinthu cosaganizika. Nduna inkapempha, Nyumba nkulola. Dzina la A Tembo linali loopedwa m'zaka zimenezo, ndipo mu 1995 anazengedwa mlandu wa imfa ya nduna zitatu ndi phungu mmodzi ophedwa ku Mwanza mu 1983, koma bwalo linawapeza osalakwa.

Zinthu zinatembenuka zipani zitaculuka. Pa masankho a May 2004 cipani ca Malawi Congress, cimene A Tembo anali kutsogolera, cinapata mipando yoposa 50 mwa mipando 193, kupambana cipani cina ciri conse, ndipo iwo anakhala Mtsogoleri wa Otsutsa Boma. Mu February 2005 Purezidenti Bingu wa Mutharika anaturuka m'cipani ca UDF cimene cinawaimika, nayambitsa cao ca DPP. Pamenepo Boma linatsala ndi aphungu ocepa, ndipo bajeti sikanatha kudutsa popanda otsutsa. Munthu amene kale anali wopempha tsopano anagwira cingwe ca thumba.

Caka comweco mvula inadula cimanga cisanakhwime. Dziko linakolola matani ngati 1.2 miliyoni okha, ndipo anthu oposa 4 miliyoni anasowa cakudya. Boma linali nalo kale ganizo lotsitsira alimi osauka mtengo wa fetereza, koma A Tembo ndi anzao anati ganizolo ncocepa. Anaumirira kuti cithandizo cifikire alimi ambiri, ndi kuti alimi a fodya asasiyidwe, pakuti anthu owasankha ku Cigawo ca Pakati, ku Kasungu, Dowa, Mchinji ndi Lilongwe, amadalira fodya. Ananenetsa kuti bajeti sidutsa popanda zimenezo, ndipo Boma linagonja pa zambiri. Mlimi wokhala ndi ciphaso anagula thumba la makilogramu 50 la fetereza wa cimanga pa K950. Mvula inagwa bwino, ndipo monga mwa ciwerengero ca Boma zokolola za 2006 zinaposa za 2005 kawiri. Apa phungu anagwiritsa mphamvu yace yokana pa cinthu cimene anthu a kumudzi anali kucifuna eni ace, ndipo mabwalo awiri aja analankhula mau amodzi.

Patapita zaka ziwiri mphamvu yomweyo inagwira nchito yina. M'malamulo akulu muli gawo 65, limene linena kuti phungu wosankhidwa m'dzina la cipani cina, akacisiya nalowa cina ca m'Nyumba momwemo, Sipikara alengeze kuti mpando wace ulibe mwini. Aphungu ambirimbiri anali atasamukira ku mbali ya Boma. Pa 15 June 2007 Bwalo la Supreme Court linagamula kuti gawo limeneli liri ndi mphamvu. Otsutsa anakondwa, napempha Sipikara, A Louis Chimango, kuti acotse osamukawo. Koma aphungu a mbali ya Boma anakatenga ziletso ku bwalo la milandu, ndipo manja a Sipikara anamangika. Tsono A Tembo pamodzi ndi aphungu a UDF anati gawo 65 likhale loyamba, bajeti ibwere pambuyo. Masiku amenewo caka ca ndarama cinali kuyamba pa 1 July. Tsikulo linafika ndi kupita, bajeti ya Nduna Goodall Gondwe iri cikhalire pa tebulo.

Dandaulo la otsutsa silinali lacabe. Munthu akasankha phungu wa cipani cakuti, ndipo phunguyo m'mawa mwace nkukakhala ku cipani cina osafunsa, wosankhayo waberedwa mau ace. Ndiponso otsutsa anadziwa kuti bajeti ikangodutsa sadzakhalanso ndi cogwirira Boma. Koma anthu a kumudzi anawerenga masiku mwa njira yao. Fetereza ayenera kuitanitsidwa kunja, kutsitsidwa pa doko, kukwezedwa m'malori ndi kufika ku misika mvula ya November isanagwe. Akulu anati mlandu suola. Koma nyengo yobzala siidikira munthu. Ana a sukulu za ukacenjede, mabungwe a anthu wamba, atsogoleri a mipingo ndi mafumu anayamba kupfuula kuti bajeti idutse, ndipo ena anacezera usiku ku Lilongwe kudikira aphungu. Potsiriza otsutsa anafewa, ndipo bajeti inabvomerezedwa pa 11 September 2007. Patangopita masiku ocepa Purezidenti anatseka Nyumba, gawo 65 lisanakhudzidwe. Mu 2008 mkangano womwewo unabukanso, ndipo bajeti inacedwa kufikira August.

Yankho la anthu linadza pa masankho a May 2009. A Tembo anaima pa mpando wa Purezidenti mothandizidwa ndi UDF, napata mavoti ngati atatu mwa khumi ali onse, pamene A Mutharika anapata awiri mwa atatu. Cipani ca DPP cinatenga mipando yoposa 110, ndipo Malawi Congress inatsala ndi yosafika 30. Zifukwa zinalipo zingapo, ndipo zokolola zabwino za zaka zimenezo ndi cimodzi ca izo. Koma m'midzi yambiri otsutsa anali kukumbukika monga anthu amene anagwira bajeti. Codabwitsa ncakuti ulemu wa fetereza wochipa, amene otsutsa anamumenyera nkhondo mu 2005, unapita kwa Purezidenti, pakuti mlimi amaona dzanja lopereka ciphaso, saona pakamwa pamene panacikambira m'Nyumba. Anthu a Dedza South okha sanawataye A Tembo. Anawabwezera ku mpando wao. Mu 2013 anatula utsogoleri wa cipani kwa Dr. Lazarus Chakwera, mu 2014 anapuma pa uphungu, ndipo anamwalira mu September 2023 ali ndi zaka 91.

Mbiri imeneyi ionetsa kuti cingwe ca thumba la dziko phungu amangocigwirira eni ace. Pamene A Tembo anacikoka cifukwa ca njala ya anthu, Boma linamva ndipo nkhokwe zinadzala. Pamene anacikoka cifukwa ca mipando ya m'Nyumba, ngakhale lamulo linali ku mbali yao, eni thumba anawaturukira. Koma osankha naonso ali ndi mangawa ao. Phungu amene amangofunsidwa za bokosi la maliro adzaphunzira kugula mabokosi, ndipo ku Nyumba adzakhala cete. Ncofunika kuti akabwera ku msonkhano wa pansi pa mtengo, afunsidwenso kuti gawo la cipatala ca m'boma lao linapatsidwa ndarama zingati caka cino, iye ananenapo ciani pamene linali kusanthulidwa, ndiponso ngati ndaramazo zinafikadi.